Mphezi ndi madzi osefukira: kodi nyumba yatsopano imatetezedwa bwanji?

Mitambo ikangoyamba kuda, eni nyumba zatsopano amayambanso mafunso omwe aja. Wina wamva kuti malata amaitana mphezi. Wina wauzidwa kuti kandodo kachitsulo ka padenga kaja ndi komwe kamakokera mphezi panyumba, ndiye bola osayikako. Winanso wazunguliza mpanda wautali wa njerwa ndipo akugona tulo tabwino, poti madzi alowera pati? Kenako pa nkhani timamva za nyumba yomwe penti yake sinasuluke n'komwe koma khoma lang'ambika kuchokera kudenga, kapena madzi afika m'mawondo pabalaza. Nkhani zotere zimandikhudza kwambiri, chifukwa ambirife nyumba timamanga kamodzi, ndi ndalama zosonkhanitsa zaka zambirimbiri.

Tiyambe ndi kuvomereza chinthu chimodzi. Palibe chipangizo choletsa mphezi kuomba, palibenso khoma loletsa mvula kugwa. Mphezi ndi madzi zonse zili pa ulendo wopita pansi, ndipo zimadzera pomwe papepuka. Mukapanda kuzikonzera njira zimadzitsegulira zokha, kudzera m'khoma, m'mawaya kapena kunsi kwa maziko. Kuteteza nyumba ndiye kukonza njirayo, ndipo ntchitoyi imaphweka maziko asanakwiriridwe komanso pulasitala asanapakidwe.

Mphezi n'chiyani kwenikweni?

Mu mtambo wa mvula ya mabingu, mphepo imakwera ndi kutsika mwamphamvu itanyamula timadontho ta madzi ndi tizidutswa ta madzi oundana. Tikamagundana, mtambo umadzaza mphamvu ya magetsi, monga zija mumaona mukavula juzi mumdima n'kumamva ikuthetheka. Mphamvuyo ikachuluka moti mpweya sungathenso kuitchinga, kanjira ka magetsi kamayamba kutsika modumphadumpha, pafupifupi mamita 50 pa kudumpha kulikonse, kakuchita nthambi ngati mizu. Kakayandikira pansi, mitengo, mapolo, nsonga za madenga, ngakhale munthu woima pamtetete, zimatulutsa tinjira tawo tokwera m'mwamba kukakachingamira. Pomwe ziwirizi zakumana ndi pomwe timati mphezi yaomba.

Kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya kumayezedwa ndi muyezo wa amp. Ketulo yamagetsi imakoka ma amp pafupifupi 10. Mphezi wamba imanyamula ma amp pafupifupi 30,000, ndipo zina zimaposa 100,000. Mpweya womwe yadutsamo umatentha kufika madigiri pafupifupi 30,000, kuwirikiza kasanu kutentha kwa pamwamba pa dzuwa. Mpweyawo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo phokoso lake ndilo bingu. Bingu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, choncho mukaona kung'anima n'kuwerenga masekondi atatu lisanamveke, mphezi yaomba pa mtunda wa kilomita imodzi.

Ikafika panyumba yopanda njira yoikonzera, imadutsa m'matabwa ndi m'njerwa. M'zinthu zimenezi mumakhala chinyezi, ndipo chinyezicho chimasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, n'chifukwa chake njerwa zimaphulika, thabwa n'kung'ambika kapena kuyaka. Imathanso kudumpha kuchoka pa chitsulo china kupita pa china, mwachitsanzo kuchoka pa malata kupita pa paipi yamadzi, n'kuvulaza aliyense amene ali pakati. Koma kuwononga kofala kwambiri kumachitika mphezi isanakhudze n'komwe nyumba yanu. Ikaomba pa polo kapena pansi chapafupi, funde la magetsi limathamanga m'mawaya n'kukaotcha firiji, TV, pampu ndi makina a sola.

Za malata ndi za kandodo kaja

Malata saitana mphezi. Chomwe chimasankha poomba ndi kutalika kwa chinthu, kusongoka kwake ndi kukhala kwake pachokha. Nyumba ya pamwamba pa phiri ili pangozi yofanana kaya yafoleredwa ndi malata, matayilosi kapena udzu. Kusiyana kumabwera ikaombedwa: udzu umayaka, pomwe malata amamwaza magetsi padenga ponse, ndipo ngati alumikizidwa bwino ndi nthaka amathandiza kuwatsitsa. Zoti mphezi siomba kawiri pamalo amodzi si zoona ayi. Nyumba yosanja ya Empire State Building ku New York imaombedwa maulendo 20 kapena kuposerapo pa chaka.

Kandodo ka padenga kanayamba ndi wasayansi wa ku America, Benjamin Franklin, m'zaka za m'ma 1750. Dzina lake ndi lightning rod, ngakhale ambiri amakatchula arrester. Sikakoka mphezi yomwe imapita kwina kutali. Mphezi imasankha poomba itatsala mamita makumi ochepa chabe kuti ifike pansi, choncho yomwe yagwera pa kandodoko ndi yomwe inali kale pamwamba pa nyumbayo kapena pambali pake penipeni. Ntchito ya kandodo ndi kukhala koyamba kuilandira, kuti isalandiridwe ndi khoma kapena thabwa.

Njira yonse kuchokera kudenga kufika m'nthaka

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Kandodo ndi khomo chabe la njira. Ndinafikapo panyumba ina yokongola, kandodo kake kakunyezimira pansonga. Nditatsatira waya wake ndi maso, ndinapeza kuti wathera m'chiuno mwa khoma, pakona ya kuseri. Wina anadula mkuwa wonse wa m'munsi, kunangotsala timisomali togwirira waya ndi mzere wobiriwira pa pulasitala. Mwini nyumba sankadziwa. Nyumba yotero imalandira mphezi kudenga n'kuisiya pakhoma kuti idzipezere yokha kolowera.

Malamulo omwe akatswiri m'maiko ambiri amatsata pa nkhaniyi amatchedwa IEC 62305. Pofuna kudziwa poika tindodo, amagwiritsa ntchito fanizo la mpira. Tangoganizani mpira waukulu kwambiri, wa mamita 45 kuchokera pakati pake kufika m'mphepete, ukugubuduzika pansi, n'kukwera nyumba yanu, n'kutsikira mbali inayo. Paliponse pomwe wakhudza, mphezi ingaombepo: pamsana pa denga, m'makona, pa thanki, pa dishi ya TV. Tindodo ndi mawaya a padenga zimayikidwa mwakuti mpirawo uzikhudza izo zokha. Malamulowa ali ndi magawo anayi a chitetezo, a mpira wa mamita 20, 30, 45 ndi 60. Mpira waung'ono umalowa m'mipata yambiri, ndiye umafuna tindodo tambiri. Fanizoli likusonyezanso chifukwa chake kandodo kamodzi pakati pa nyumba yaitali sikateteza makona akutali.

Pamsika palinso tindodo totchedwa ESE, tomwe opanga ake amati timatulutsa kanjira kochingamira mphezi mofulumira, motero kamodzi kamateteza dera lalikulu. Dziko la France lili ndi malamulo ake ovomereza zimenezi, otchedwa NF C 17-102. Malamulo a IEC 62305 sawerengera dera lowonjezeralo, amakatenga ngati kandodo wamba ka msinkhu womwewo. Akatswiri sanamvane pa mfundoyi mpaka lero. Amene akukugulitsani akuuzeni malamulo omwe akutsata, ndipo muone ngati ndi omwe amagwira ntchito m'dziko lanu.

Kuchoka padenga pamafunika mawaya otsika osachepera awiri, ku mbali zosiyana za nyumba, kuti magetsi agawikane. Amakhala a mkuwa, womwe ambiri amangoti kopa, kapena aluminiyamu, kapena chitsulo chokutidwa kuti chisachite dzimbiri. Waya wa kopa wobulungira amayenera kunenepa pafupifupi mamilimita 8, ngati pensulo. Atsike mowongoka, popanda kupindidwa mwamphamvu, chifukwa pa kona yakuthwa mphezi imatha kudumpha n'kusiya waya. Asadutsenso pakhomo pomwe anthu amakonda kuima mvula ikamagwa. Kopa asamangidwe mwachindunji pa aluminiyamu kapena pa malata, popeza zitsulo zosiyanazi zikanyowa zimadyana. Pali zolumikizira zake zapadera. Aluminiyamu sakwiriridwa m'dothi kapena m'konkire.

Gawo losaoneka, lomwe ndi lofunika kuposa onse, ndi earth, kutanthauza zitsulo zokwiriridwa zomwe zimamwaza magetsi m'nthaka. Zitha kukhala ndodo zazitali zokhomeredwa pansi, kapena waya wozungulira nyumba yonse, wokwiriridwa theka la mita kapena kuposa, pafupifupi mita imodzi kuchokera kukhoma. Womanga nyumba yatsopano ali ndi mwayi womwe wogula nyumba yakale alibe: angathe kuyala waya kapena kulumikiza zitsulo za m'maziko asanathire konkire, n'kusiya nsonga zotulukira kunja. Maziko onse amasanduka earth yaikulu, yomwe wakuba sangaifike.

Earth siyesedwa ndi maso. Pali makina oyezera momwe nthaka ikukanira magetsi, pa muyezo wa ohm, ndipo malangizo ake ndi akuti isapose ma ohm 10. Dothi lachinyezi limalandira magetsi mosavuta, mchenga wouma ndi thanthwe zimakana, choncho malo otero amafuna ndodo zambiri kapena zakuya. Ndi bwino kuyeza nthaka itauma, nthawi yomwe nambala imakhala yoipitsitsa. Katswiri akamaliza akupatseni nambalayo polemba.

Chotsatira ndi kumangirira pamodzi zitsulo zonse zikuluzikulu: mapaipi achitsulo, mafelemu a sola, nsanja ya thanki, earth ya magetsi a m'nyumba ndi earth ya mphezi. Zikalumikizana, mphamvu ya magetsi imakwera mofanana pa zonse, ndipo mphezi imasowa chifukwa chodumphira kuchoka pa china kupita pa chinzake.

Nanga funde la m'mawaya lija?

Kandodo sikateteza TV. Fyuzi ndi breaker nazonso sizithandiza, chifukwa fundelo limabwera n'kupita m'kachigawo kakang'onong'ono ka sekondi, izo zisanadzidzimuke n'komwe. Chomwe chimagwira ntchitoyi ndi SPD, kachipangizo komwe kamayikidwa pa bolodi la magetsi. Kali ngati potayira madzi pa damu: masiku onse kamangokhala duu, koma mphamvu ikakwera mopitirira kamatsegula njira yopita ku earth. SPD ilipo ya mitundu itatu. Type 1 imayikidwa polowera magetsi, makamaka panyumba ya tindodo kapena yolandira magetsi pa mawaya a m'mwamba. Type 2 imakhala pa bolodi logawa magetsi, Type 3 pafupi ndi chipangizo chenichenicho. Mawaya olumikizira SPD akhale aafupi, osapitirira theka la mita. Zipangizo za SPD zimatha mphamvu pakapita nthawi, n'chifukwa chake zambiri zili ndi kawindo kobiriwira komwe kamafiira zikafa. Waya wa dishi, wa intaneti ndi wa sola ndi makomo enanso a fundeli. Kuzula pulagi mabingu asanayandikire kudakali njira yodalirika.

Kodi nyumba iliyonse ikufunika zonsezi? Ayi, zimatengera ngozi yake. Katswiri amaona kuchuluka kwa mphezi m'deralo, msinkhu wa nyumba, ngati ili payokha kapena yazunguliridwa ndi zazitali, chofolera chake ndi zomwe zili m'katimo. Nyumba yaifupi pakati pa nyumba zosanja mwina ingofuna earth yabwino ndi SPD. Ya pachitunda, yopanda chinzake pafupi, nkhani yake ndi ina. Koma kaya nyumba yatetezedwa chotani, mabingu akamagunda musasambe, musatsuke mbale pampopi, musagwire chipangizo cholumikizidwa kukhoma ndipo musakhale pakhonde. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatuluke.

Madzi amafika m'njira zosiyana

Tikati kusefukira kwa madzi ambiri timaganiza za mtsinje. Ulipo, koma nyumba zambiri zimalowedwa ndi madzi a mvula yagwa pompo, omwe nthaka ndi ngalande zalephera kumeza. Ena amatumphuka pansi nthaka ikakhuta. Enanso, onyansa kwambiri, amabwerera m'mapaipi a zonyansa n'kutulukira m'chimbudzi ndi m'bafa. Mtundu uliwonse uli ndi mankhwala ake, ndiye choyamba n'kudziwa womwe ukuopseza malo anu.

Manambala awiri athandiza. Mvula ya milimita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi ndi lita imodzi. Denga la mamita 10 mbali zonse likalandira mvula ya mamilimita 50 limakhuthula malita 5,000, ndipo popanda ngalande onsewo amagwera m'mphepete mwa maziko. Nambala yachiwiri ndi ya kulemera. Madzi akuya mita imodzi akatsamira khoma, mita iliyonse ya khomalo imakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi theka la tani. Akafika mamita awiri mphamvuyo imawirikiza kanayi. Mpanda uja tinaunena poyamba, ukakhala wopanda mabowo otulukira madzi m'munsi, umasanduka damu lomwe silinamangidwe kuti likhale damu. Ukagwa, madzi onse amabwera nthawi imodzi pamodzi ndi njerwa zake.

Mawu ena osokoneza ndi akuti "chigumula cha kamodzi pa zaka 100". Satanthauza kuti chikachitika chaka chino mwapuma zaka 99. Amatanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa 100 woti chichitike. Pa zaka 30 mwayiwo umakwana pafupifupi 26 pa 100, kuposa umodzi pa inayi.

Msinkhu wa pansi pa nyumba

Palibe chomwe chimaposa kusankha bwino malo. Dambo limaoneka louma bwino nthawi ya dzuwa, koma madzi saiwala njira yawo. Musanagule kapena kukumba, funsani omwe akhalitsa m'deralo kuti madzi anafikapo pati, onani mapu a madera osefukira ngati ofesi yoona za mapulani ili nawo, ndipo yendani pamalopo mvula itangokata. Zizindikiro zimakhalapo: mzere wa matope pa makoma a nyumba zoyandikana, udzu wogonera mbali imodzi, timitengo ndi mapepala apulasitiki okodwa pa waya wa mpanda, onse pa msinkhu umodzi. Msinkhu umenewo ndi uthenga womwe madzi anasiya.

Pansi pa nyumba pakhale pamwamba pa msinkhu womwe madzi anafikapo, kuwonjezerapo masentimita 30 kapena kuposa, popeza chigumula chikubwera chitha kuposa chapita. Kuwonjezera mizere itatu kapena inayi ya njerwa pa maziko ndi ntchito yochepa pomanga, koma nyumba ikatha simungainyamulenso. Maziko akhale akuya kufika pa dothi lolimba, chifukwa madzi othamanga amakumba kunsi kwake, khoma n'kutsala lili lende. Njerwa za m'munsi zikhale zootcha bwino kapena za simenti, zomangidwa ndi simenti. Dothi lomangira likanyowa masiku angapo limafewa ngati phala, ndipo nyumba zambiri zimagwa madzi ataphwa kale.

M'khoma mumayalidwa DPC, mpukutu wa pulasitiki kapena phula woletsa chinyezi kukwera m'njerwa monga mafuta amakwerera m'chingwe cha nyali. Iyenera kukhala masentimita osachepera 15 pamwamba pa nthaka ya panja. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri chimachitika nyumba itatha: mwini wake amathira dothi la maluwa kapena kuwaka bwalo mpaka kukwirira DPC. Pakatha miyezi, penti ya m'munsi imayamba kutupa ndi kusendeka, m'chipinda mukununkha nkhungu. DPC imatchinga chinyezi chokha, chigumula siingachiletse.

Kutsogolera madzi kutali

Nthaka yozungulira nyumba itsetserekere kunja, kutsika masentimita 15 pa mamita atatu oyambirira. Dothi lokwirira maziko limatitimira m'chaka choyamba ndi chachiwiri, choncho malo omwe anali otsetsereka bwino amatha kusanduka beseni lozungulira nyumba. Ayenera kuonedwanso ndi kudzazidwa. Kakhonde ka konkire kozungulira khoma kamathandiza, bola kapendekere kunja.

Madzi a padenga alandiridwe ndi ma gutter, tingalande ta m'mphepete mwa denga, n'kutsika m'mapaipi opita ku thanki, ku ngalande kapena ku dzenje lomwetsa madzi m'nthaka lodzazidwa miyala. Dzenjelo likhale mamita osachepera asanu kuchokera kunyumba, ndipo pa dothi la makande silimwa msanga, ndiye yesani kaye pothira madzi m'kadzenje n'kuona nthawi yomwe atenge kuti aphwe. Thanki ikhale ndi paipi yotayira ikadzaza, yolozanso kutali. Ngati nyumba ili m'munsi mwa chitunda, ngalande yopingasa kumtunda kwake imapatutsa madzi asanafike pakhoma. Pomwe madzi amatumphuka pansi pamayikidwa paipi yobowolabowola m'ngalande ya miyala, yokutidwa ndi nsalu yosefa dothi.

Kuwaka bwalo lonse ndi simenti kumaoneka kwaukhondo, koma dontho lililonse lomwe likanalowa m'nthaka limathamangira kwina. Ndipo kwinako nthawi zambiri ndi kwa mnansi wa kumunsi. Madzi a pamalo panu muwatulutsire mu ngalande yovomerezeka, chifukwa kuwakankhira kwa mnzanu kumabala milandu, ndipo naye akatseka mbali yake amabwerera kwa inu.

Za madzi obwerera m'mapaipi a zonyansa, mankhwala ake ndi non-return valve, kachitseko ka m'paipi kotsegukira mbali imodzi yokha. Kamafuna kutsukidwa nthawi ndi nthawi, apo ayi kamakanirira kali kotsegula.

Kuwatsekera kunja kapena kuwalola adutse?

Akatswiri ali ndi njira ziwiri. Yoyamba ndi kutseka: zotchinga za pakhomo, matumba a mchenga, kumata mipata yolowera mapaipi. Imagwira pa madzi osaya komanso osakhalitsa. Koma kumbukirani theka la tani lija. Madzi a panja akayandikira mita imodzi m'kati muli mouma, khoma wamba la njerwa litha kugwa, n'chifukwa chake malangizo a maiko osiyanasiyana amaika malire a njirayi pakati pa masentimita 60 ndi 90. Kupitirira apo njira yachiwiri ndiyo yotetezeka: kuvomereza kuti madzi alowa, n'kumanga mwakuti akatuluka nyumba itsukidwe, iume, anthu abwereremo. Pansi pamakhala pa simenti kapena matayilosi, pulasitala wa m'munsi wosasungunuka, makabati oimikidwa pa miyendo, ndipo masoketi, bolodi la magetsi ndi mabatire a sola zimakwezedwa pamwamba pa msinkhu wa madzi, mawaya akuchokera kudenga kutsika m'munsi. Yoti musankhe imatengera kuya kwa madzi a m'dera lanu ndi mphamvu ya makoma, ndipo apa injiniya ndi wofunika.

Madzi akayamba kulowa, zimitsani magetsi pa main switch ngati mungafikepo mutaima pouma. Ngati pafika kale madzi, musayandikire. Madzi othamanga a masentimita 15 okha amagwetsa munthu wamkulu, ndipo a masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto yaing'ono. Oyang'anira za ngozi akati samukani, samukani.

Pomwe za mphezi ndi za madzi zimakumana

Zonse zimathera m'nthaka yozungulira nyumba, choncho wa magetsi ndi womanga ngalande akambirane asanakumbe. Ngalande imodzi yokumbidwa mosaganiza imatha kudula waya wa earth, ndipo madzi okokolola dothi amafukula ndodo zake n'kuzisiya pamtunda. Pampu yachitsulo ndi mapaipi ake zilumikizidwe ku earth monga zitsulo zina zonse. Gutter ikatsekeka mvula ya mabingu ili m'kati, isiyeni itayikire, musakwere makwerero.

Mvula isanayambe chaka chilichonse, zungulirani nyumba. Chotsani masamba m'ma gutter ndi zinyalala m'ngalande, tokosani mabowo a m'munsi mwa mpanda, suzumirani kawindo ka SPD. Tsatirani waya wotsika ndi dzanja kuchokera pomwe mungafike mpaka polowera m'nthaka, mukugwedeza cholumikizira chilichonse. Nyumba ikaombedwa ndi mphezi kapena kulowedwa madzi, magetsi asayatsidwe mpaka katswiri ataona mawaya ndi kuyezanso earth, ndipo nambala yatsopanoyo muiyerekeze ndi ija anakulemberani tsiku loyamba.